Galimoto Ikapambana, Wapambana Ndani?

Bambo ndi mwana wake akhoma kagalimoto kamatabwa. Mwana wapita nako kumpikisano wa anzake, kagalimoto kaja kawasiya onse m'fumbi. Wapambana ndani? Mwanayo, amene wangokakankha, kapena bambo amene anasema matayala usiku mwana ali m'tulo? Ndipo ngati yankho ndi bambo, mwana uja wabwerako ndi chiyani kumpikisanoko?

Mwina wina akuti, "Aise, mtengo wa chimanga uli apa, ntchito kulibe, iwe ukutikambira zidole?" Pepani, koma khalani kaye. Funso la chidoleli ndi lomwe lija limatipeza pa mayeso, pa ntchito, ngakhale pa ukwati: kodi kuthandiza munthu amene umamukonda kumathera pati, ndipo kumulanda kumayambira pati? Pa kagalimoto funsoli limaoneka bwino chifukwa palibe chobisika. Thabwa lili apo, misomali ili apo, manja awiri aakulu ndi awiri aang'ono ali pomwepo.

Amene anakulira ku Bangula, kapena kulikonse m'chigwa cha Shire, akudziwa kuti mwana sadikira shopu kuti akhale ndi galimoto. Pali ya mawaya, ya chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Pali ya dongo, imene dzuwa la Okutobala limaiumitsa mofulumira mpaka kung'aluka ngati sunaibise pamthunzi. Pali ya mapesi a mapira yolumikiza ndi minga. Ndiye pali ya matabwa, imene kawirikawiri imakhala ya ana oyandikana ndi shedi ya kalipentala, kumene zidutswa za paini ndi malaina zimangotayidwa. Matayala amadula ku patapata wakutha, kapena amatenga zitsekerero za mabotolo ndi zitini za polishi. Ekiselo ndi sipoko ya njinga. Zomangira ndi mphira wa chubu.

Mwana amapanga chimene waona. Msewu wa M1 umatsika phiri kufika pa Thabwa, kudutsa Nchalo ndi Ngabu, kufika pa Bangula, kenako Nsanje mpaka Marka, ndiye ana amakhoma malole, maminibasi, ndi magalimoto oyera a mabungwe aja amabwera madzi akasefukira. Sitima ndiye yosowa m'zidole zawo. Chidukireni njanji cha ku Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, ana ambiri a ku Bangula akula akuona njanji yopanda sitima.

Lusoli linafika mpaka m'mabuku a kunja. Mu 1990, Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene anakhalako ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto. Ndi nkhani ya kamnyamata kotchedwa Kondi kamene kamayenda tsiku lonse kutolera mawaya. Akuluakulu m'nkhaniyo amangomupatsa mawaya kapena kumulola kutola. Kupinda ndi kumanga amachita yekha. Umu ndi mmene zinkakhalira kwa ambiri a ife: galimoto inali nkhani ya ana okhaokha, kholo linkangolowererapo pokalipa kuti waya wa mpanda wapita kuti.

Vuto limayamba kholo likakhala pansi n'kunena kuti tiye tipangire limodzi. Ndi chinthu chabwino kwambiri, komanso ndi pamene msampha uli.

Anzathu a ku America anaugweramo kale msamphawu, ndipo nkhani yawo ingatithandize kuona yathu. Mu 1953, bambo wina dzina lake Don Murphy, wa ku Manhattan Beach ku California, anayambitsa mpikisano wa tigalimoto tamatabwa wotchedwa Pinewood Derby. Mwana wake anali wamng'ono moti sakanaloledwa kumpikisano wa magalimoto akuluakulu okweramo, ndiye bamboyo anaganiza zoti pakhale china chimene kholo ndi mwana angachitire limodzi. Mwana aliyense amapatsidwa kathabwa ka paini kotalika masentimita pafupifupi 18, matayala anayi ndi misomali inayi. Kagalimoto sikaloledwa kulemera kuposa magalamu pafupifupi 142. Injini palibe: amangotiika pamwamba pa njira yotsetsereka n'kutisiya. Mpikisanowu ulipobe mpaka lero, ndipo dandaulo lake ndi lodziwika: abambo ena amalanda ntchito yonse, mwana n'kungokhala wonyamula. Magulu ena anachita kukonza mpikisano wapadera wa akuluakulu kuti abambo azithetsera khumbo lawo kumeneko, asiye ana apume.

Ku mpikisano wa magalimoto okweramo uja, wotchedwa Soap Box Derby, umene umachitikira ku Akron m'chigawo cha Ohio, zinafika poipa mu 1973. Mnyamata wa zaka 14 anapambana, koma patangopita masiku ochepa analandidwa ulemuwo. Atajambula galimoto yake ndi X-ray anapeza maginito oyendera batire obisidwa kutsogolo, amene ankaikoka poyambira pamene chitsulo chotsekera chikugwa. Nzeruyo inachokera kwa ankolo ake amene ankamulera. Ankolowo ankamufunira zabwino mwanayo, eti? Koma dzina limene linanyozeka m'manyuzipepala a dziko lonse linali la mwana.

Tibwerere kwathu. Loweruka lina ndinakhala pa shedi ya kalipentala wina chakufupi ndi msika wa Bangula, kudikira kuti andikonzere mpando. Mwana wake wamkazi, wa zaka mwina zisanu ndi zinayi, ankafuna lole yamatabwa yoti akapikisane ndi anzake madzulo. Chigwa chathu n'chafulati, chitunda n'chosowa, ndiye ana amatsamiritsa thabwa lalitali pa ngolo, n'kumasiya magalimoto awo atsike, ione yafika patali ndi iti.

Mtsikanayo anajambula lole yake ndi khala pa thabwa. Ankafuna bodi yaitali kupita m'mwamba, ngati malole onyamula thonje.

"Mayi, ikatalika chonchi igwa," anatero bambo.

"Sigwa, Ababa. Ndikufuna yomweyi."

Bamboyo sanalimbane naye. Anatenga sowo n'kudula motsata mizere ya khala ija, yokhotakhota momwemo. Sowo sanampatse mwana, ndipo sipoko yootcha pamoto yoboolera matayala anaigwira yekha ndi pulayazi. Koma poti aboole ankaloza ndi mwana. Kupala ndi sandipepala, kukhoma timisomali, kulowetsa ekiselo, zonse anachita mwana. Atayesa kuikankha pansi, lole inakhotera kumanzere.

"Ababa, ndikonzereni."

"Manja anga ali pa mpando wa alendowa. Ndikubwereka maso okha. Taigona pansi, uyang'ane masipoko awiriwo. Akuyenda njira imodzi?"

Mwanayo anagona chafufumimba m'utuchi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anazula sipoko yakutsogolo n'kuiwongola. Lole inayamba kuyenda mowongoka. Za bodi yaitali ija bambo sanazitchulenso.

Madzulo lole inatsika pa thabwa, itangofika pansi inapendekeka n'kugwa chammbali. Kachiwiri chimodzimodzi. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Imene inkatsogola inali ya mnyamata wina, yosalala, yopaka penti, matayala ake oyenda pa timipira tachitsulo ta mu habu ya njinga. Aliyense ankaona kuti pamenepo panadutsa dzanja la munthu wamkulu. Mtsikana uja anabwerera kushedi misozi ili chuchuchu, n'kuwauza bambo ake kuti iwo ndi oipa, anadziwa kuti igwa koma anangoyang'ana. Bamboyo anangoti, "Ndinakuuza kamodzi, mayi," n'kupitiriza kupala mwendo wa mpando.

Ineyo pamenepo mtima unandiwawa, ndipo apa ndi pamene funso lathu limalimba. Tiyeni tiwamvere kaye amene angamudzudzule kalipentalayu, chifukwa mfundo zawo si zopepuka.

Iwo anganene kuti mwana wa ku Bangula waluza kale zokwanira. Madzi a mu Januwale 2015 anakokolola midzi. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai anadzaza msasa wa ku Bangula ndi mabanja othawa madzi. Mu Januwale 2022 kunabwera Ana, mu Marichi 2023 Freddy. Alipo ana amene asanakwanitse zaka khumi aona nyumba yawo ikugwa kangapo, makope awo akuyandama, mbuzi zawo zikupita ndi Shire. Ndiye mwana wotere, bambo ake ali ndi luso m'manja, n'kumulekerera kuti akasekedwenso pa masewera? Kodi kumupatsa tsiku limodzi lopambana ndi tchimo? Komanso mpikisanowo sunali wachilungamo kale: winayo anathandizidwa. Ukamusiya wako yekha pamene anzako akukankha awo, ndiye kuti ukumuphunzitsa chilungamo kapena ukumupereka nsembe kuti iwe uoneke wamakhalidwe?

Ndi mafunso olemera, ndipo amene amawayankha mwachangu mwina sanaonepo mwana wake akulira pagulu. Komabe ine ndili kumbali ya kalipentala, ndipo chifukwa changa chili pa zimene zinachitika pambuyo pake.

Pa ulendo wina wotsika, tayala la galimoto yopaka penti ija linaguluka. Mwini wake anaitola, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anathamanga nayo kwawo. Kwa iye masewera anathera pomwepo mpaka wamkulu amene anaipanga apezeke. Pamene mtsikana uja, atamaliza kulira, anabwerera kwa bambo ake ndi khala m'manja. Anajambula mzere pakati pa bodi n'kunena kuti, "Ababa, dulani apa." Loweruka lotsatira, nditabwera kudzatenga mpando wanga, lole ija inali yaifupi, yamangidwa kamwala kumbuyo ndi mphira. Sinkagwanso. Sinapambane ayi, inkafika yachitatu. Koma tayala likagwedera mwini wake ankakhala pansi pomwepo n'kulikonza.

Kholo likamupangira mwana zonse, timaganiza kuti lamupatsa chipambano. Chimene sitiona n'chakuti lamulanda kuluza kwake, ndipo kuluza kumene uli nako mbali ndi mphunzitsi amene salipidwa. Lole ikagwa chifukwa iwe mwini unaitalikitsa, kugwako kukukuuza kanthu: kulemera kukakhala m'mwamba, chinthu sichikhazikika. Ikakhota, ikukuuza kuti masipoko sakugwirizana. Ukathira mafuta ophikira pa ekiselo n'kuona mchenga ukumatirira, mawa udzayesa kandulo kapena kupala mtovu wa pensulo. Koma galimoto imene sunaipange ikaluza, sikuuza chilichonse kupatula kuti wokupangirayo walephera. Ikapambana ndiye zoipa kwambiri, chifukwa ana si opusa. Mwana amadziwa pansi pa mtima kuti m'manja mwake simunachoke kanthu, ndipo phunziro limene amatenga ndi lakuti zinthu zabwino zimachitika iye akakhala pambali.

Pa nkhani ya madzi ija, ine ndimaiona mosiyana. Madzi akabwera amatenga zonse zimene zili kunja kwa thupi: nyumba, mbewu, ziweto, ngakhale galimoto yopaka penti. Chimene munthu amakwera nacho m'bwato pa Mtayamoyo ndi chimene chili m'mutu ndi m'zala. Choncho dera limene zinthu zimatayika kawirikawiri ndi limene mwana akufunika kwambiri kudziwa kuti chimene chawonongeka angathe kuchipanganso. Kumuteteza ku misozi ya Loweruka limodzi n'kumumana chidziwitso chimenechi ndi malonda oluza.

Makolo athu anali nawo mwambi wa nkhani imeneyi: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Ambiri timaumva ngati mwambi wa kholo lotopa, lija limati chita zimene ukufuna, uziona. Koma taumvetserani bwino. Mwambiwu sukuti mutaye mwanayo. Ukuti msemere. Kholo likugwira mpeni, likuwononga nthawi yake pa chinthu chimene likudziwa kuti chifota. Ndiye kuti lilipo, likugwira nawo ntchito. Chimene silikuchita ndi kuima pakati pa mwana ndi zotsatira za chisankho chake. Komanso onani kuti ndi nyanga ya nsatsi, chinthu chimene kufota kwake sikupha munthu. Kalipentala uja sowo sanaipereke, sipoko yamoto sanaipereke. Chala chikaduka sichimeranso. Koma lole yogwa imadzuka. Nzeru ya kholo ili pa kusiyanitsa ziwirizi, ndipo malire ake amasuntha mwana akamakula: sowo imene wamukaniza lero, pakapita zaka ziwiri uyenera kumupatsa.

Ndiye tisanamizane kuti yankho ndi kungomusiya mwana. Timawadziwa madala aja amene mwana akabwera ndi galimoto yake amangoti, "Chotsa zinyalalazi, kawerenge." Amenewo asadzitame kuti akuphunzitsa kudziimira. Kusowa kwa kholo si maphunziro. Mwana amene amapanga yekha chifukwa palibe womuyang'ana amaphunzira luso ndithu, koma amaphunziranso kuti zimene amakonda n'zopanda pake kwa anthu amene iye amawakonda. Ambiri a ife tikuyenda ndi bala limeneli, tili ndi madigiri koma timachita manyazi kuonetsa munthu chinthu chimene tapanga.

Ndipo kholo lisanene kuti ine ndilibe luso, ndingathandize chiyani. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anayamba kupanga makina a magetsi oyendera mphepo, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Nzeru anazipeza m'mabuku a kulaibulale, zitsulo anatola kotaya zinthu. Bambo ake, mlimi, sanamujambulire pulani. Chimene anapereka ndi njinga yawo yowonongeka, ndipo m'nyumba ya mlimi njinga, ngakhale yakufa, si chinthu chongopereka. Nthawi zina gawo la kholo limakhala lomwelo: kulola, ndi kutaya kanthu kako pa maloto amene sukuwamvetsa. Mayi wogulitsa nsomba za mlamba pamsika, agogo, achimwene, aliyense amene akulera mwana angathe kuchita zimenezi.

Nanga za chilungamo zija, zoti ena akuthandizidwa? N'zoona, mpikisano wa moyo sunakhalepo wofanana. Koma taonani kumene mfundo yoti "enanso akutero" imatifikitsa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira dziko lonse analembanso mu Januwale 2021, kuphatikizapo amene likasa sanalione n'komwe. Aliyense amene anagula kapena kutumiza pepala pa WhatsApp anali ndi chifukwa chomveka: ndikuthandiza wanga, poti ena akuthandiza awo. Ndi maginito aja a ku Akron, angosintha maonekedwe. Aliyense akabisa maginito m'galimoto ya mwana wake, mpikisano umatha, chimatsala ndi kupikisana kwa akuluakulu atabisala kumbuyo kwa ana.

Apa nkhaniyi yatifika ife, amene tikuwerenga pa foni. Ena mwa ife tayamba kale kulera, kaya athu, kaya a achemwali. Mwana akabwera ndi homuweki usiku titatopa, n'chapafupi kulanda pensulo n'kulemba kuti tigone. Ena tikadali mbali inayo: kosi imene tikuphunzira anasankha ndi madala, kalata yofunsira ntchito analemba ndi ankolo, asayimenti yalembedwa ndi kompyuta ife tikuonera mpira. Galimoto ikuyenda bwinobwino, anthu akuombera m'manja. Koma mumtima timadziwa kuti tayala likaguluka tithamangira kwa mwini wake.

Palinso chinthu china chimene kholo liyenera kudzifunsa moona mtima: kodi amene akufuna kupambana ndi ndani? Nthawi zambiri dzanja limene likulanda hamala silikuthamangira kuthandiza mwana. Likuthamangira kuteteza dzina. Mwana wa kalipentala angapite bwanji pagulu ndi lole yokhota, anthu ati chiyani? Bambo wa ku Bangula uja anali ndi zambiri zoti ataye kuposa wina aliyense, chifukwa shedi yake ili pamsewu ndipo aliyense ankadziwa kuti loleyo yachokera kumeneko. Kulola kuti chinthu chosalongosoka chituluke pakhomo pako chifukwa ndi cha mwana wako, pamafunika kudzichepetsa kumene ambiri tilibe. Chikondi cha mtundu umenewu sichioneka bwino pa chithunzi. Chimaoneka ngati ulesi, mwinanso ngati nkhanza, ndipo amene ukumuchitira sakuthokoza tsiku lomwelo.

Ndiye malire ali pati? Palibe rula yoyezera, koma pali mayeso amodzi amene ndimaona kuti sanama. Ntchito ikatha, mufunseni mwanayo kuti n'chifukwa chiyani kamwala kali kumbuyo, n'chifukwa chiyani bowo lili pakati penipeni pa tayala. Akayankha, ngakhale mokhotakhota, galimotoyo ndi yake, kaya sowo munagwira ndinu. Akakuyang'anani kuti muyankhe ndinu, mwadutsa malire, ngakhale mutati munangothandiza pang'ono. Ndipo nafenso akuluakulu tingadziyese chimodzimodzi pa satifiketi, pa bizinesi, pa chilichonse chimene timati n'chathu: chikawonongeka lero, tikhala pansi n'kuchikonza, kapena tiyamba kusaka nambala ya foni?

Mpikisano wa tigalimoto umatha dzuwa likamalowa, ndipo pofika Lolemba palibe amene amakumbukira kuti inatsogola ndi iti. Thabwa lija chiswe chidzadya, kapena madzi adzalitenga. Chimene chimatsala ndi munthu amene waphunzira chimodzi mwa ziwiri: kuti zinthu zikavuta amadikira wamkulu, kapena kuti amagona pansi n'kuyang'ana masipoko. Ngati muli ndi mwana pafupi, mufunireni kathabwa sabata ino, mukhale naye pansi. Dzanja lanu likayamba kuyabwa kufuna kulanda hamala, likhalireni.